Tsogolani Alamu, Tikupezani

A Elifala Gama anali alamu anga, amuna a achemwali anga a Lines, ndipo kwa zaka makumi awiri ndiwo ankaimba babatoni m'gulu lathu la Nachisaka Boyizi. Musaseke dzinalo. Tinalitcha mu 1961, tsitsi lili bii, mano ali onse. Pofika 1981 maboyizi atatu anali ndi zidzukulu, ndipo wachinayi, ine Kalisto, dazi linali litafika kale pankhongo. Panalibe amene anaganizapo zosintha dzina. Penti inali itauma pachikwangwani.

Ine sukulu ndinalekezera Sitandade 3, chifukwa aphunzitsi ndi ine sitinkamvana pa nkhani ya amene ayenera kuyankhula kwambiri m'kalasi. Ndiye mukapeza chilembo chakhota, chiwongoleni nokha. Koma nkhani ya alamu angayi palibenso wina angailembe, poti amene anaiwononga ndine.

Gululo analiyambitsa ndi iwowo. Atabwera ku Joni, kumene anagwira zaka zisanu ndi ziwiri m'migodi, anabwera ndi jekete imodzi, chifuwa chosamveka bwino, ndi nzeru imene anaiona kwa anyamata a kumeneko oimba waya womangirira pabokosi la tiyi. Iwo anati bokosi n'lachibwana. Anasema ng'oma yaikulu yoti munthu n'kukhalapo, anakunga chikopa cha ng'ombe, analumikiza mtengo wautali kuposa munthu, n'kukokapo waya umodzi wowotcha m'tayala la lole. Ameneyo ndiye babatoni. Poimba ankakhala pang'omapo, dzanja lamanzere likuyendetsa botolo pawaya, lamanja likumenya ndi kamtengo, chidendene chamanja chikugunda chikopa. Maso ankatsinzina kuyambira poyamba mpaka pomaliza. Ankati waya sufuna kuuyang'ana, umachita manyazi.

Kenaka anatola a Vinsenti, a banjo ndi mawu okoma, amene pambuyo pake anakhala mtsogoleri wathu chifukwa ankadziwa kulemba kalata. Anatola a Aroni, banjo yachiwiri, munthu wosayankhulayankhula. Ine ananditola chifukwa achemwali anawadandaulira kuti ndikungoyendayenda m'mudzi. Anandipatsa chisekese n'kunena kuti, "Alamu, pakamwa panu pamasokosera kale, tiyeni manja athandizeko."

Tinaimba maukwati kuyambira ku Nachisaka, Msakambewa, mpaka kutsidya kwa mapiri a Ntchisi. Ana amene tinaimbira makolo awo pa ukwati, tinadzawaimbiranso iwowo.

Makutu anayamba kutseka cha m'ma 1975. Iwo ankati ndi makina oboolera miyala a ku Joni aja akubwera kudzatenga zawo. Linayamba lamanzere, lamanja n'kutsatira. Koma kuimba sikunasokonekere ngakhale pang'ono, chifukwa munthu wokhala pang'oma amamvera pamene wakhalirapo. Ndinkawauza anthu kuti alamu anga anasamutsa makutu, anawapititsa kumatako. Iwo atamva, patapita masiku atatu, anaseka mpaka kutsokomola.

Vuto linali limodzi lokha. Ankadzimva okha, ife osatimva, ndipo maso ali chitsinzinire. Poyamba nyimbo panalibe vuto poti ankayamba ndi iwo. Koma pomaliza sankadziwa kuti anzawo tafika. Ndiye ine ndinapatsidwa ntchito yachiwiri: kuima kumanzere kwawo, ndipo nyimbo ikamatha, kuwaponda phazi. Ndikaponda, waya zii. Zaka zisanu ndi chimodzi ndinaponda phazi limenelo, moti nsapato yawo yamanzere inaphwatalala ngati chitumbuwa chokhaliridwa.

Pa maukwati nthawi zina ndinkachedwa dala. Tonse tasiya, iwo ali du-du-dum, du-du-dum, okhaokha, nkhope ili mwee ngati ali kumwamba. Anthu ankagwa nako kuseka. Ndikawaponda ankatsegula maso n'kufunsa, "Mwatopa kale, ana inu?"

Zinasiya kuseketsa mu Juni 1981. Kunali msonkhano wachipani pabwalo la mpira, ndipo tinaitanidwa kukasangalatsa anthu alendo asanayankhule. Amayi ovina anadzaza kutsogolo, ndipo mnyamata wina wa malaya ofiira anandikoka n'kundiimika mbali ina kuti ndikutchinga njira. Ndinati ndifotokoze za phazi, koma nkhope yake sinali yofotokozera za mapazi. Tili pakati pa nyimbo, a tcheyamani anaimirira n'kukweza dzanja. Tinasiya nthawi yomweyo. Anakuwa kuti "Kwacha!" Bwalo lonse linayankha, kenaka kunati zii kudikira mawu awo. Ndipo m'kati mwa zii ameneyo munali alamu anga: du-du-dum, du-du-dum.

Palibe anaseka. Ndinakwawa pakati pa miyendo ya anthu n'kukagwira phazi lija ndi manja awiri.

"Mdalayu akutsutsa chiyani?" anafunsa wa malaya ofiira uja.

A Vinsenti anagwada pafumbi, bambo wa imvi zake, kufotokoza kuti munthuyu ndi wogontha. Iye ndi anyamata anzake anawazungulira a Elifala kumbuyo n'kuwomba m'manja pafupi ndi khutu kuti aone ngati adzidzimuke. Sanadzidzimuke. Ankangomwetulira, kuyesa kuti akuwayamikira. Anatisiya. Za masiku amenewo sindinena zambiri, koma makutu amene alamu anga analibe, anthu ena anali nawo anayianayi, ndipo tinkadziwa anthu amene anapita chifukwa cha zochepa kuposa pamenepa.

Patangopita mwezi kunabwera kalata. Anthu a wailesi akubwera ku boma ku Dowa, Loweruka lachiwiri la Ogasiti, kudzajambula magulu oimba a m'midzi. Gulu lililonse nyimbo zitatu, kamodzi kokha, tepi si yoseweretsa. Zaka makumi awiri tinkadikira kalata yotereyi.

A Vinsenti anatiitana masana m'chigafa chawo cha fodya, ine ndi a Aroni. A Elifala sanaitanidwe, ndipo aliyense anadziwa chifukwa chake asanakhale pansi.

"Ndinawaonapo anthu amenewa akujambula," anatero a Vinsenti. "Aliyense amamuimika payekha, kutali ndi mnzake. Kalisto phazi sakalifika. Ndiye dziko lonse likamve Nachisaka Boyizi yamaliza, munthu mmodzi akupitabe yekha? Ndipo akakhalapo akuluakulu ngati tsiku lija? Ine maondo anga sagwadanso kawiri."

Anati ku Msakambewa kuli Petulo, bambo wa zaka makumi atatu, ali ndi babatoni wake wopaka penti yobiriwira, nyimbo zathu zonse amazidziwa, ndipo amaimba maso ali tong'o.

"Gululi n'lawo," anatero a Aroni. "Ife anachita kutitola."

"Galimoto ikatha tayala sutaya galimoto, umasintha tayala."

"Munthu si tayala, a Vinsenti."

"Koma waya wawo ndi wa m'tayala," ndinatero ine. Palibe anaseka, ndipo onse awiri anandiyang'ana kuti ndinene mbali yanga. Ndinati ine ndili kumene kuli ambiri. Tinalipo atatu. Muwerenge nokha kuti ndi mantha a mtundu wanji amenewo.

A Aroni anafikisa tsamba la fodya m'manja. Kenaka anati avomera, koma pa mfundo imodzi: mkuluyo auzidwe pamaso, mwaulemu, tsiku lisanafike. Ndipo wokawauza anapezeka msanga. Mlamu amanena chilichonse kwa mlamu wake, n'chikhalidwe chathu, ndipo m'boma lonse la Dowa munalibe mlamu wa pakamwa ngati ine.

Ndinazengereza mpaka Lachinayi, kutatsala masiku awiri. Ndinawapeza pabwalo pawo m'mawa, babatoni ali padzuwa. Za kalata anali atazimva kale, poti mudzi wonse unkakamba zomwezo. Anali atakunga chikopa chatsopano, cha ng'ombe yaing'ono, ndi waya watsopano wonyezimira. Achemwali anali pakhonde akusita jekete ya ku Joni ija ndi simbi yamakala. Kuseri amayi atatu oyandikana nawo ankatonola chimanga.

"Alamu opanda tsitsi!" anakuwa, poti ogontha amayesa tonse ndife ogontha. "Bwerani mumve mwana uyu mmene akulirira!"

Anamenya waya kamodzi. Ndinaumva m'mimba.

Tsopano mundimvetse. M'njira monse ndinali nditakonza mawu abwino. Ndinkati ndidzayambe ndi nthabwala, kenaka ndidzati alamu, mwagwira ntchito, pumani, ana akupumuzeni. Koma mawu amenewo ndi onong'ona. Amafuna munthu ukhale naye pafupi, uyang'ane pansi, uwatulutse pang'onopang'ono. Kwa a Elifala kunalibe kunong'ona. Chilichonse chinkayenera kukuwidwa, kawiri kapena katatu, achemwali akumva, amayi a chimanga akumva, mpaka mbuzi za kudambo. Ndikanakuwa bwanji kuti TAKUCHOTSANI, iwo n'kuti "Eee?", ine n'kubwerezanso?

"ALAMU! ZA LOWERUKA ZIJA!"

"Eee, ku boma! Ndakonzeka! Khadi lachipani lili m'thumba la jekete, asatibweze panjira!"

Ndinatsegula pakamwa, ndipo chimene chinatuluka sindinachikonze.

"ASINTHA! SI KU BOMA! NDI KU MPONELA!"

"Mponela?" Anakanda kumutu. "Kumeneko n'kutali ndi katundu uyu. Ndiye ndinyamuke mawa, ndikagone kwa mphwanga. Inu a mabanjo opepuka mubwera Loweruka m'mawa?"

"EYA! TSOGOLANI ALAMU, TIKUPEZANI!"

Achemwali anaika simbi pansi. Amayi aja anasiya kutonola.

"Iwe Kalisto," anatero achemwali, "pakamwa pakopo. Mawu amenewo timanenera munthu ali m'bokosi. Lavula."

Ndinalavula, ndinaseka, ndinati achemwali mwakalamba, mukuopa ndi mawu omwe. Iwo sanaseke. Anandiyang'ana mmene ankandiyang'anira ndili mwana ndikaba nsinjiro.

Lachisanu m'mawa ndinawathandiza ndine kumanga babatoni panjinga ndi malegeni. Kukwera sikukanatheka, inali yokankha basi. Ndinaima pamsewu kuwayang'ana akukwera chitunda, jekete itapindidwa bwino pahandulo, mtengo wa babatoni uli njo kumbuyo ngati munthu wina wamtali wakhala pakaliyala. Pamwamba pa chitunda anatembenuka n'kukweza dzanja.

A Vinsenti ndi a Aroni ndinangowauza kuti zatheka.

"Anati chiyani?" anafunsa a Aroni.

"Anati zikomo."

Ku boma zinayenda bwino, ndisaname. Anatilowetsa mu holo ya simenti, aliyense pamalo pake monga ananenera a Vinsenti. Petulo ankaimba bwino, mwaukhondo, maso ali pa a Vinsenti ngati galu woyang'ana fupa. Nyimbo yoyamba inali yotamanda, monga mwa lamulo la masiku amenewo. Yachiwiri inali yathu yakale, imene anapeka a Elifala eni ake, ya Esitere Wandibisira Khasu. Titafika kumapeto tonse tinasiya pamodzi, ngati mpeni wadula. Koma mwendo wanga sunauzidwe kuti zinthu zasintha. Unanyamuka wokha n'kuponda kumanja kwanga, pamene panalibe phazi la munthu. Nsapato inamenya simenti: pha!

Munthu wa wailesi amene ankajambula anadzutsa mutu, anandiyang'ana, n'kugwedeza dzanja kuti zilibe kanthu, tipitirize.

Zimene zinkachitika ku Mponela tsiku limenelo ndinazimva pambuyo pake kwa Monika, mwana wa m'mudzi mwathu amene anakwatiwa kumeneko ndipo amagulitsa zitumbuwa pafupi ndi msika. Anati a Gama anafika dzuwa likungotuluka, atavala jekete, n'kumasula katundu wawo pansi pa mtengo poonekera msewu waukulu. Basi ikaima ankaimirira. Lole ikaima ankaimirira. Anafunsa anthu angapo za galimoto ya wailesi, koma mayankho sankawamva, ankangothokoza. Dzuwa lili paliwombo anakhala pang'oma paja, akuti chikopa chisazizire, n'kutsinzina, n'kuyamba.

"Ndiye achimwene," anatero Monika, "sanasiye. Anthu anasonkhana, anavina, anatopa, anapita. Anabwera ena, anapitanso. Iwo ali pomwepo. Zitumbuwa zanga zinatha, ndinakatenga zina, ndinapeza akuimbabe nyimbo yomweyo. Dzuwa litapendeka ndinachita mantha, ndinakawagwira paphewa kuti amweko madzi. Anatsegula maso n'kundifunsa kuti, afika?"

Anabwerako Lamulungu madzulo, fumbi mpaka m'nsidze. Anadzera kwathu asanafike kwawo.

"Ndinatsogola, alamu," anatero, osakuwa.

"GALIMOTO YA WAILESI INAFERA PANJIRA! ANATIUZA MOCHEDWA!"

Anagwedeza mutu, n'kukankha njinga yawo. Bodza lachiwiri silivuta ngati loyamba.

A Aroni atamva za ku Mponela sanandikalipire. Anabwera kwathu, anaima pabwalo, anati, "Anati zikomo, eti?" Kuyambira tsiku limenelo banjo yawo sinatulukenso m'nyumba. Achemwali anasiya kundiyankha moni. Ife otsala tinkakayeserera nyimbo ku Msakambewa kwa Petulo, ndipo alamu ndinkawakuwira kuti chaka chino maukwati avuta. Mudzi wonse unkadziwa. Munthu mmodzi yekha ndiye sankadziwa, chifukwa panalibe wolimba mtima woti akuwe.

Patapita milungu isanu, Lamulungu masana, achemwali anatumiza mawu kuti ndifike msanga. Ndinayesa kuti mtima wawo watsika. Ndinawapeza a Elifala atakhala pampando pansi pa mtengo wa mango, achemwali ataima pakhomo ndi wailesi yawo ya Nzeru m'manja. Anali atamva muulutsi akulengeza kuti masanawo kukhala magulu a ku Dowa.

"Khala apo," anandiuza. "Usachoke."

Tinadikira magulu awiri. Kenaka muulutsi anatchula Nachisaka Boyizi. Achemwali anakweza wailesi mpaka pothera, anaiika pamiyendo pa amuna awo, anatenga dzanja lawo lamanja n'kuligoneka pamene pamatulukira mawu.

Poyamba a Elifala ankangoyang'ana akazi awo modabwa. Kenaka ndinaona chidendene chawo chikuyamba kugunda pansi. Anatsinzina. Zala zamanzere zinkayenda m'mwamba, kufuna botolo limene panalibe.

"Uyu ndi Esitere," anatero. "Esitere wanga uyu."

Nyimbo inkapita.

"Wa babatoniyu dzanja lake n'lopepuka. Akuthamangira pokwera. Koma ali bwino. Ndi wa kuti?"

Achemwali anandiyang'ana.

"WA KU MSAKAMBEWA!" Mawu anga anatuluka ngati a nkhuku yomeza njere ya mango.

Nyimbo inafika kumapeto, mabanjo, chisekese, babatoni, zonse zinaima pamodzi. Ndipo kenaka, poyera, dziko lonse likumva: pha!

A Elifala anakhala chitsinzinire, dzanja lili pawailesi, ngakhale muulutsi anali atayamba kale zina.

"Wamaliza pamodzi ndi anzake," anatero. "Ndi bwino munthu kumaliza pamodzi ndi anzako." Anatsegula maso n'kundipeza pamene ndinakhala. "Koma kumapetoko wina waponda pansi. Munkaponda ndani pamenepo, alamu?"

Ine amene ndinayankhapo ansembe, apolisi ndi apongozi anga omwe, tsiku limenelo ndinangoyang'ana nsapato yanga. Yankho lililonse likanafunika kukuwa.

M'mawa mwake anabwera kwathu akukankha njinga, babatoni atamumanga yekha ndi malegeni omwe aja. Anamutsitsa pabwalo.

"Mukam'patse mnyamatayo. Chikopachi n'chatsopano, chisawonongeke. Mumuuze asamathamangire pokwera."

Ndinati ndiyankhule, iwo anakweza dzanja. "Musavutike, alamu. Mmero ungakupwetekeni."

Sanandidandaulirepo china chilichonse. Tikakumana ankandiseka za dazi monga kale, ine n'kuwaseka za makutu, koma zinali ngati anthu awiri akusenza chitseko chopanda nyumba. Anamwalira mvula ya Febuluwale, 1982. Kuchipatala anati ndi chifuwa cha ku migodi chija, ndipo ine ndimabwereza mawu amenewo kawirikawiri, kuti chinali chifuwa. Kumanda mkulu wa mpingo atanena kuti m'bale wathu watsogola, ife tim'peza, achemwali anadzutsa mutu kuchokera pakati pa amayi n'kundifunafuna mpaka anandipeza.

Petulo anakana babatoni uja. Nkhani ya ku Mponela inali itam'fika, ndipo anati, "Pepani a Kalisto, pampando pamenepo ine sindingakhalepo." A Vinsenti anati kwawo kulibe malo. A Aroni sindinawafunse. Kubweza kwa achemwali sindikanayerekeza. Ndiye ali kwathu, m'chigafa, ataimikidwa pakona, mtengo wake utatsamira mtanda wa denga.

Gulu likuimbabe. Tinapeza wa banjo wina, ndipo nyimbo ija wailesi imaiikabe mwa apo ndi apo. Anthu amati ndi yabwino. Ine ikayamba ndimapita kukaona mbuzi.

Koma mbuzi sizithandiza pa miyezi ya Juni ndi Julayi, mphepo ikamatsika kuchokera kumapiri a Ntchisi. Chigafa chilibe makoma. Mphepoyo ikadutsamo imakhudza waya uja, ndipo masanasana, dzuwa lili phwee, anthu tikusankha fodya, umayamba kulira wokha. Si nyimbo ayi. Ndi mawu amodzi, apansipansi, aatali, oti sudziwa pamene ayambira ndipo sudziwa ngati asiya. Nkhuku zimachoka. Mkazi wanga Sara amasiya fodya n'kukakhala kukhitchini.

"Bambo, dulani waya umenewo," amatero. "Kapena muumasule, kapena mukautaye kudambo. Ana akuopa kulowa m'chigafa."

Ndimavomera nthawi zonse. Ndinafika pokabwereka pulayazi kwa wokonza njinga wa pamsika, ndinamuuza kuti ndibweza madzulo omwewo, ndi kantchito ka mphindi imodzi. Ndinalowa m'chigafa, ndinaika pulayaziyo pawaya, ndipo waya unanjenjemera m'dzanja langa. Ndinaipachika pamtanda kuti ndiyambe ndamwa madzi.

Chino n'chaka chachitatu ili pamtanda pomwepo, yachita dzimbiri. Mwini wake anasiya kuifunsa.